Lekeleni Wochotsa Matekenya ndi Chilombo Chiboolamitu

Pa dibi la ng'ombe la ku Mphanje, pa mtanda wa denga la malata, pamalendewera kabotolo ka palafini komangidwa ndi luzi. Abusa akamadutsa pansi pake amavula zipewa. Mukayang'anitsitsa m'kabotolomo muona kanthu koyera, kozungulira, kosaposa njere ya nandolo. Kodi mungalote kuti n'chiyani? Alendo ena amati ndi dzino la mwana, ena amati ndi mkanda. Musayankhe msanga, imvani kaye mmene kanafikira pamenepo.

Kutsidya kwa mtsinje wa Namitsitsi kunali phiri, ndipo pamwamba pa phirilo panali mlongoti wachitsulo wolira usana ndi usiku. Kumeneko kunkakhala Chiboolamitu, chilombo cha mitu isanu. Nyama zimene chinkagwira sichinkadya ayi. Chinkaziboola kuseri kwa khutu n'kudzalamo kambewu kachitsulo. Kambewuko kankamera mizu yopyapyala kuposa tsitsi, mizuyo n'kulowerera mu ubongo ndi m'mitsempha. Kuyambira pamenepo nyamayo inkapuma ndithu, ululu inkaumva, koma miyendo sinalinso yake. Inkamvera malamulo ochokera pa mlongoti. Anthu ankazitcha zamawaya. Akhwangwala amawaya ankazonda midzi, afisi amawaya ankasaka dzuwa likuswa mtengo, ng'ombe zamawaya zinkakoka miyala mpaka ziboda kung'ambika. Kuseri kwa khutu la iliyonse kunkayaka kanyale. Kakakhala kobiriwira, ndiye kuti mizu sinafike pamsana. Kakafiira, mwini thupi watha, chatsala ndi makina ovala chikopa.

Chifukwa cha ichi, ku Mphanje kunali lamulo limodzi lomwe ngakhale mwana ankalidziwa: ng'ombe siziwoloka Namitsitsi, ngakhale msipu uume motani.

M'mudzimo munali mtsikana wotchedwa Lekeleni, chitsiriza m'nyumba mwa amayi ake. Anali wamng'ono thupi, wosalankhulalankhula, ndipo ntchito imene anamusiyira inali yomwe aliyense ankanyansidwa nayo: kuchotsa matekenya m'mapazi mwa anthu. Ankayenda ndi phini pa chitenje ndi kabotolo ka palafini m'chiuno. Thekenya silifuna phuma. Umayamba wakanda mozungulira kuti mwini phazi aleke kunjenjemera, kenaka umasenda khungu pang'onopang'ono, n'kunyamula kathumba konse kathunthu. Ukakaboola, mazira amamwazikira m'bala ndipo phazi lonse limawola. Pomaliza kathumbako umakaponya m'palafini.

Mchimwene wake, Msatero, ndiye ankaweta ng'ombe za pakhomo. Chaka chimenecho mvula inakana, ng'ombe zinayamba kuoneka nthiti.

"Namatekenya, tabwera undione chala ichi," anatero Msatero m'mawa wina atatambasula mwendo. "Fulumira, lero ndikupita kutali."

"Kutali kwake kuti, achimwene?"

"Kumene kuli udzu. Iwe ziyang'ana mapazi, za ng'ombe sizikukhudza."

"Udzu watsala kutsidya kokha."

"Ndiye ukawanene kwa amayi, uone ngati sindikumwetsa palafini wakoyo."

Anamusisita m'mutu mwachibwana, n'kutsegula khola.

Dzuwa litapendeka, nkhunzi yawo yakuda inabwera yokha, kanyale kobiriwira kakuyaka kuseri kwa khutu. Inagumula nkhokwe, inatunga bambo wina m'mimba n'kumuponya pa denga. M'maso mwake munkatuluka misozi, koma nyanga sizinaleke. Amalume a Lekeleni, a Chadzunda, omwe anali mlenje, anaigwetsa ndi zingwe pamodzi ndi anzawo. Anasolola mpeni n'kutokosa kambewuko mwamphamvu. Kanaphulika. Munatuluka tinthu tambirimbiri tonga utitiri, tinathamanga pansi n'kulowa m'makutu mwa mbuzi. Nkhunzi inafa magazi akutuluka m'mphuno, ndipo lisanalowe dzuwa mbuzi zonse zinali zitayamba kuluma ana. Anazitema ndi nkhwangwa imodziimodzi n'kuzitentha. Lekeleni anaona zonsezi ali kuseri kwa mtondo, dzanja lili pa phini lake.

Msatero sanabwerere, ndipo amuna anapita kuphiri ndi mikondo kukamufuna. Anabwerako ochepa, ndipo a Chadzunda anabwera opanda dzanja lamanja.

"Chipata chake chimakoka chitsulo chilichonse," anatero ali gone pamphasa, akutentha thupi. "Mikondo chinatilanda ngati tili ana. Pali nyani amene amafunsa ndagi, ukalephera amamasula afisi. Mlongo wanga, mwana wako Msatero ndamuona. Akuthamanga ndi afisiwo ndi miyendo ndi manja, amuveka mano achitsulo. Kanyale kake kadakali kobiriwira."

Amayi anagwa pansi n'kuyamba kulira ngati maliro afika kale.

M'mawa mwake Lekeleni anadzaza kabotolo kake, n'kumanga chitenje molimba.

"Iwe, ukupita kuti?" anafunsa amayi.

"Kukatenga achimwene."

"Amuna enieni abwera opanda manja. Iwe ukamenya ndi chiyani, phini? Khala pansi, ndisalire ana awiri."

"Kadakali kobiriwira, amayi. Kakafiira mudzalira ndithu."

Amayi anamugwira mkono, koma iye anapulumuka n'kuthamangira kumtsinje.

Atawoloka, anamva phokoso la chinthu chikumenyetsa mutu pa mwala. Inali nungu. Magazi anali chuchuchu kumaso kwake, ndipo kuseri kwa khutu kunali bala latsopano ndi kanyale kobiriwira. Miyendo inkaikokera kuphiri, koma iyo inali italuma muzu wa mtengo kuti isapite. Lekeleni anagwada. Anayamba kuikanda mozungulira balalo, mofatsa, mpaka minga inagona. Kenaka anasenda khungu ndi phini. Mizu ya kambewu inali yoterera, ndipo akaikoka pang'ono inkatsatira ngati ulusi. Anakanyamula kathunthu n'kukaponya m'palafini. Kanachita thovu, kanyale n'kuzima.

Nunguyo inalavula muzu uja n'kulankhula.

"Mwana wa munthu, dzanja lako ndi lozizira. Ukupita kwa Chiboolamitu?"

"Kuli achimwene anga."

"Phini lakolo likathera pa chipata. Zula minga iwiri pamsana pangapa. Woyerawu ukagwire nawo ntchito yako, pakuti chipata sichikoka munga. Wakudawu ukadzibaya nawo paphewa udzasanduka ngati ine, ukauzula udzabwerera. Koma usachedwe m'thupi langa, nungu ilibe zala."

Lekeleni anawomba m'manja kuthokoza, anasomeka mingayo m'tsitsi, n'kuyamba kukwera phiri. Njira yonse inali mafupa. Akhwangwala amawaya ankazungulira pamwamba pake, maso awo agalasi akuthwanima.

Chipata chinali chakuda, chodzaza ndi mikondo, nkhwangwa ndi makasu zomamatira ngati ntchentche. Asanachiyandikire n'komwe, phini linang'amba chitenje n'kuwuluka kukamamatira pamenepo. Pamwamba pa chipata panakhala nyani wokalamba, m'khosi mwake atamusokerera sipika. Mawu ankatuluka mu sipikayo, pakamwa pali potseka.

"Amuna atha kodi ku Mphanje, kuti atumize kamwana konunkha palafini?" mawuwo anaseka, koma maso a nyaniyo anali achisoni. "Ukayankha bwino ndikutsegulira. Ndagi."

"Gize."

"Analowa ngati kafumbi, palibe anamuona. Lero watupa, nyumba yonse ndi yake, ndipo mwini nyumba akuyenda motsimphina. Ndani? Amalume ako anati ndi mkamwini, afisi n'kudya dzanja. Iwe uti chiyani?"

"Ndi thekenya," anatero Lekeleni.

Chipata chinalira n'kutseguka.

Mkati munali bwalo lalikulu la miyala, pakati pake mlongoti. Atangolowa, chipata chinatsekeka kumbuyo kwake, ndipo mawu aja anamvekanso: "Ndinalonjeza kutsegula. Sindinalonjeze kumanga afisi."

Anatuluka m'mapanga akuthamanga mofanana ngati mwendo ndi umodzi, nsagwada zachitsulo zikuwombana, tinyale tawo tonse tofiira. Pakati pawo panali Msatero, mawondo ali zilonda zokhazokha. Kanyale kake sikanalinso kobiriwira, kanali katayamba chikasu.

Lekeleni anazula munga wakuda m'tsitsi n'kudzibaya paphewa. Msana unapindika, khungu linang'ambika, minga inaphuka thupi lonse ngati bango. Fisi woyamba anamulumphira n'kudzisomeka yekha, minga inatulukira kunkhongo, mawaya a m'mutu mwake akuthetheka moto. Wachiwiri anamuluma kumbali, Lekeleni n'kubwerera chafutambuyo mwamphamvu mpaka minga inadzaza m'kamwa mwa fisiyo ndi m'maso. Wina anamukhadzula khutu. Iye anazungulira, anagwedeza mchira, anabaya pakhosi, pamimba, pamphuno. Bwalo linaterera ndi magazi, fungo la ubweya wopserera linadzaza ponseponse. Msatero yekha ndiye sanamubaye. Akamulumphira, Lekeleni ankagoneka minga n'kugubuduka, mpaka mnyamatayo anamenyetsa mutu pa mwala n'kugwa chikomokere.

Pamenepo nthaka inagwedezeka. Lekeleni anazula munga uja ndi mano, n'kubwerera kukhala mtsikana, wamagazi kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Chiboolamitu chinatuluka kuseri kwa mlongoti. Thupi lake linali la njovu, koma mutu wa njovuyo unadulidwa kalekale. M'malo mwake munali makosi asanu osokedwa ndi waya: mutu wa mkango, wa ng'ona, wa njati, wa nguluwe ndi wa kambuku. Yonse inali yamoyo, yonse inkatuluka dovu. Pachifuwa panali sipika yaikulu.

"Wandiphera afisi," chinatero. "Palibe kanthu. Mutu wako ndi wabwino kuposa wawo. Ndikuboola, ndipo manja akowo azindidzalira mbewu zanga."

Chikulankhula choncho, thupi la njovu linkadzikhula pa mlongoti, uku ndi uku, osapuma. Chitsulo cha mlongoticho chinali chitasalala pamalo pamenepo. Lekeleni anadziwa kukhula kotero. Anakuonapo kwa ana amene amakhula phazi pa mwala tsiku lonse. Anakweza maso. Pamwamba, pakati pa makosi asanu aja, pamalo pomwe mutu uliwonse sukanafika, panali chotupa choyera chokhala ndi kadontho kakuda pakati. Anakumbukira ndagi ya pa chipata, ndipo anazindikira kuti chilombochi chinkadzitama ndi mbiri yake yomwe.

"Pakuyabwani, agogo," anatero mwaulemu. "Ndiloleni ndikukandeni kaye, mundiboole bwino."

"Pamenepo sakhudzapo munthu."

Mkango unabangula n'kufuna kumuluma. Lekeleni analowa pansi pa mimba, ng'ona inaphonya n'kuluma mwala mano kuthyoka. Anagwira waya wosokera khosi la njati n'kukwera, waya ukumucheka zikhatho. Nguluwe inamung'amba nthiti ndi dzino, koma iye anafika pamwamba, anakhala chokhwimitsa miyendo, n'kuyamba kukanda mozungulira chotupacho.

Thupi la njovu linaima. Kwa zaka zonse zija palibe analikandapo pamenepo. Linanjenjemera, linapuma mozama, kenaka linagwada pansi pang'onopang'ono.

"Dzuka," inakuwa sipika. "Dzuka, gubuduka, umuphwanye."

Thupilo silinamvere. Linangopendekera kumene kunali zala za mtsikanayo. Mitu isanu inkaluma mphepo kumanzere ndi kumanja, koma malo amene chilombocho chinasankha kuti mitu yake isachilume ndi omwewo anateteza Lekeleni. Iye anatenga munga woyera n'kuyamba kusenda khungu.

Pansi pa khungulo panali kathumba koyera, kopyapyala ngati khungu la dzira, kakugunda. Kuchokera pamenepo mizu isanu yokhuthala inkalowa m'makosi. Anamasula woyamba. Mutu wa njati unaphethira ngati wodzuka kutulo, unayang'ana mkango umene unasokedwa pambali pake, n'kuulowetsa nyanga pansi pa chibwano. Anamasula wachiwiri, ng'ona inagwira kambuku pakhosi n'kuyamba kupotokola. Magazi otentha ankamuthovukira kumaso, iye ankangopukuta ndi phewa, dzanja osasuntha.

"Msatero," inaitana sipika. "Kwera."

Mnyamata uja anadzuka pomwe anagwa, miyendo ikumunyamula maso asanatseguke n'komwe. Anakwera pa nthiti za njovu. Lekeleni anamuona akubwera, kanyale kake kakuyamba kufiirira m'mbali. Munga wakuda unali m'tsitsi, koma akanasanduka nungu zala zikanatha, kathumba kakanatsala kosendedwa theka. Sanautenge.

Mano achitsulo analowa m'katumba ka mwendo wake mpaka pa fupa.

Ululu unakwera ngati moto kufika kumutu. Dzanja likanangogwedezeka pang'ono, munga ukanaboola kathumbako, ndipo utitiri uja ukanadzaza phiri lonse, ukanalowa m'makutu mwake ndi mwa anthu onse a ku Mphanje. Anatsamiritsa chigongono pa bondo, monga ankachitira mwana akamaponda ndi kulira.

"Lumani, achimwene," ananong'ona mano ali olumana. "Lumani pomwepo, koma musandigwedeze mkono."

Muzu wachitatu unatuluka. Msatero anakoka mutu n'kukhadzula mnofu. Muzu wachinayi unatuluka. Maso a Lekeleni anayamba kuchita mdima, koma zala zinkadziwa njira yawo. Analowetsa munga pansi pa kathumba, anakatembenuza pang'ono, muzu wotsiriza n'kutsatira wonse, wautali ngati mkono. Sipika yaikulu ija inangoti zii.

Kathumbako kanali pa nsonga ya munga, kathunthu. Ndipo kanalankhula ndi timawu tating'ono ngati ta udzudzu.

"Ndine amene ndinadya dzanja la amalume ako. Ndine amene ndamwa nzeru za mchimwene wako, ndipo zinali zokoma. Sadzakudziwanso. Uli ndi mano, uli ndi zikhadabo. Ndifinye, Namatekenya. Ndiphwanye ngati uli ndi mtima."

Lekeleni anatembenuza mutu. Anayang'ana mchimwene wake, magazi ake omwe ali pakamwa pa mnyamatayo. Mtima unamuuza kuti akatafune kanthuko ndi mano. Koma anakumbukira mbuzi zija.

"Thekenya safinya," anatero.

Anazula chitsekero cha kabotolo ndi mano n'kukaponya m'palafini. Kanalira kamodzi, kanachita thovu, kanazungulira, n'kumira pansi.

Mlongoti unaleka kulira. Akhwangwala anagwa kuchokera kumwamba ngati zipatso. Thupi la njovu linagona chammbali n'kupuma komaliza, mitu yake itaphana yokha. Zida zonse zinayoyoka pa chipata. Msatero anagubuduka mpaka pansi n'kugona chafufumimba, koma kanyale kake kankaphethirabe, chikasu ndi kufiira, pakuti mizu imene yamera kale imakula yokha.

Lekeleni anatsetsereka, anamanga mwendo wake ndi chidutswa cha chitenje, n'kukwawa kukafika pomwe anagona. Anaika mutu wake pamiyendo. Anakanda mozungulira balalo monga anakandira chala chake m'mawa uja, kenaka anayamba kusenda. Mizu inali italowa kutali, ndipo anaikoka pang'onopang'ono mpaka mithunzi inatalika. Itatuluka yonse, nsonga zake zinali zonyowa ndi madzi a pamsana. Anadonthezera palafini pabalapo.

Msatero anatsegula maso. Anayang'ana kumwamba, kenaka kwa mlongo wake, osaphethira.

"Namatekenya?" anatero movutikira, mano achitsulo akumulemera. "Ng'ombe zija zili kuti? Mwendo wako watani?"

"Mwandiluma ndinu, achimwene."

Mnyamatayo anabisa nkhope m'manja n'kulira ngati mwana.

Sanatsike msanga kuphiri kuja. Nyama za tinyale tofiira sizinadzukenso, koma zobiriwira zinali zambiri, ndipo Lekeleni anazichotsa timbewu imodziimodzi, kuyambira nyani wa pa chipata. Msatero ankazigwira mitu, ndipo timbewuto ankatitentha pamoto. Atatha, anamukweza mlongo wake pamsana pa ng'ombe, n'kuyamba ulendo, ng'ombe zambirimbiri zikuwatsatira.

Atawoloka Namitsitsi, nthungululu zinamveka mudzi wonse. Amayi anathamanga chitenje chikugwa, osadziwa kuti ayambe kukumbatira uti. Anthu anayala mphasa pakati pa bwalo n'kumukhazika Lekeleni pampando. A Chadzunda anadzuka pa matenda awo, anabwera ndi beseni la madzi, n'kugwada. Ndi dzanja limodzi lomwe linatsala anasambitsa mapazi a mtsikana amene ankasambitsa mapazi a mudzi wonse, ndipo anamuitana ndi mfunda wake monga amaitanira akuluakulu.

"A Nangondo, mwatibwezera mudzi. Tiuzeni, chilombocho munachipha ndi chiyani? Mitu yake mwaisiya kuti?"

"Mitu sinali yake, amalume," anatero Lekeleni, n'kumasula kabotolo m'chiuno.

Lekeleni anatsimphina moyo wake wonse, ndipo Msatero sanamvenso ndi khutu lakumanzere. Dzina la Namatekenya silinatulukenso pakamwa pake. Kabotolo kaja anakapachika pa dibi, pomwe ng'ombe zonse zimadutsa, ndipo palafini akachepa amawonjezera.

Kanthu koyera kali m'kabotolomo ndi Chiboolamitu, thupi lake lonse.